Mapini a Adokotala Pamudzi Wathu

Dzina langa linasindikizidwapo kamodzi kokha m'moyo wanga wonse, ndipo linasindikizidwa chifukwa cha bodza. Linali pansi penipeni pa tsamba lomaliza, m'timalemba tating'onoting'ono, pamalo pamene anthu ophunzira amathokozera amene anawathandiza. Ankandithokoza chifukwa chosunga kaundula wa odwala mosamala. Mpaka lero ndikakumbukira mawu amenewo ndimayamba ndaseka, manyazi amabwera pambuyo.

Masiku amenewo ndinali kalaliki pachipatala china cha mishoni m'boma la Nsanje. Ndinali ndi tebulo langa pakhonde, buku lalikulu lachikuto chakuda, ndi cholembera chomangirira kuchingwe kuti anamwino asachibwereke mpaka kalekale. Wodwala aliyense ankayambira pa ine. Ndinkalemba dzina, zaka, mudzi ndi mfumu yaikulu. Zaka tinkachita kuyerekeza poyang'ana imvi ndi mano, ndipo amayi amene andipatsa moni bwino ndinkawachotserako zisanu. Ntchitoyo anandipatsa chifukwa Chisena ndi Chimang'anja zonse ndinayamwira, komanso dzanja langa linkalemba zowerengeka.

Kwathu ndi kwa Ndamera, kamudzi ka m'mphepete mwa dambo, kamene nyumba zake munthu ankatha kuziwerenga ali chiimire osatembenuza khosi. Bambo anali atamwalira kale, pakhomo panatsala mayi anga okha. Mayiwo anabadwira tsidya lija la malire, anabwera kuno ali mtsikana kudzakwatiwa, ndipo abale awo sanaiwale njira. Nkhondo itasokoneza zipatala za kumeneko, abalewo anayamba kuwoloka pabwato ndi odwala awo. Pambuyo pa abale panabwera abale a abale, kenako anthu ongomva kuti kuli mayi wina sabweza mlendo. Sankawolokera malungo kapena chimfine ayi. Munthu wopalasa bwato m'dambo la ng'ona tsiku lathunthu amakhala kuti zamuthina. Ankabwera ana otupa nsagwada, azibambo amene chakudya chikukana kutsika pakhosi, amayi a zotupa m'mawere. Ankagona pamkeka wa mayi, m'mawa mwake ngolo kapena njinga n'kuwatengera kuchipatala.

Achinyamata a lero sangamvetse kuti mkeka umenewo unali mlandu. Makampu a othawa nkhondo anali asanamangidwe, ndipo munthu wosunga alendo osadziwika ochokera kunja ankangomutchula liwu limodzi lokha, lakuti akusunga zigawenga. Liwu limenelo likakugwera, landirova inkabwera kudzakutenga, ndipo abale ako sankafunsa n'komwe kumene wapita. Ine ndinkaopa zimenezi usana ndi usiku. Mayi ankaziopanso, koma mantha awo ankawaphikira limodzi ndi ndiwo za alendo.

Panalinso nkhani ya khadi la chipani. Panjira ya kuchipatala pankaima anyamata a malaya ofiira, ndipo wopanda khadi ankabwerera ndi nthenda yake. Mayi anapeza nzeru. Chaka chilichonse ankagulabe khadi la malemu bambo, n'kumalibwereketsa kwa odwala. Anyamatawo ankangoona mtundu wa pepala, kuwerenga kunkawachedwetsa. Motero bambo anga, amene ali moyo sanapondepo pachipatala, atamwalira anadwala nthenda zamitundumitundu, ndipo kangapo konse anali ndi pakati.

Odwala a tsidya lijawo akafika patebulo langa, ndinkafunsa mokweza kuti aliyense amve: "Mudzi?" Iwo ankayang'ana pansi. Ine ndinkapendeketsa khutu ngati ndikumvetsera, n'kulemba dzina la mudzi wathu. Kunena zoona sindinkaona ngati ndikunama kwenikweni. Munthu wagona kwathu, wamwa madzi a pachitsime chathu, udzudzu wathu wamuluma, ndiye atsala pati kuti akhale wa kwathu? Zaka zinapita choncho, buku linadzaza, linabwera lina, ndipo palibe amene ankaliwerenga kupatula chiswe.

Ndiye kunabwera adokotala atsopano. Anali Mmalawi mnzathu wa kumapiri, wophunzira kunja, mmodzi wa ochepa a nthawi imeneyo. Kutentha kwa kuno kunkawazunza moti ankayenda ndi kathaulo paphewa ngati wogulitsa nyama, ndipo Chisena ankachimva ngati phokoso la mvula padenga. Koma anali munthu wabwino, wa manja ofatsa, ndipo mtima wawo wonse unali pa nthenda ya khansa. Odwala amene ena ankangowapatsa mapilitsi a ululu n'kuwabweza, iwo ankakhala nawo pansi, kuwafunsa zimene amadya, zimene amamwa, ntchito imene amagwira, n'kumalemba m'kabuku.

Tsiku lina anandifotokozera chimene ankafuna. Anati kwa Chapananga munthu amatchuka ndi khola la ng'ombe, koma pakati pa anthu ofufuza za matenda munthu amatchuka ndi mapepala. Ukapeza chinthu chatsopano umachilemba, amachisindikiza m'magazini ya madokotala, ndipo ena akamalemba zawo amatchula dzina lako. Akakutchula ambiri ndiye kuti khola lako laswana. Iwo khola lawo linali lopanda ngakhale mbuzi, ndipo zinkawapweteka, chifukwa anzawo amene anaphunzira nawo anali atayamba kale kutchulidwa. Anali ndi mnzawo wogwira naye ntchito, pulofesa wachizungu wachikulire amene anawaphunzitsa kunjako, ndipo awiriwa ankalemberana makalata mwezi ndi mwezi.

Pulofesayo ndi amene anawatumizira mapu aakulu a boma lathu ndi kabokosi ka mapini a mitu yofiira. Adokotala anakhoma mapuwo pakhoma la ofesi yawo, n'kundiitana ndi mabuku anga onse.

"Akalaliki, muziwerenga mudzi wa wodwala khansa aliyense, ine ndizibaya," anatero.

Ndinayamba bwinobwino. Pini imodzi apa, ina apo, ina kumtunda kwa njanji. Kenako ndinatchula mudzi wathu. Anabaya. Patapita mayina atatu ndinautchulanso. Anabayanso. Pofika masana, pakadontho ka mudzi wathu panalibenso pobaya, moti anayamba kubaya m'dambo, mapini ena anagwera mumtsinje wa Shire. Thukuta langa tsiku limenelo linaposa lawo. Iwo anabwerera m'mbuyo masitepe awiri, anaima ndi manja m'chiuno, maso akuwala ngati munthu wapeza nkhuku yake yotayika ili ndi anapiye.

"Akalaliki, mudzi uwu mukuudziwa?"

"Ndi kwathu, bwana."

Chimwemwe chinazima pankhope pawo, panabwera chisoni. Anandikhazika pampando, anandigwiragwira m'khosi ndi m'khwapa, anandiuza kuti ndiyasamule. Kuyambira tsiku limenelo ankandifunsa m'mawa uliwonse ngati ndameza bwino, ndipo tiyi wawo wa teni koloko ankandigawirako ngati munthu wotsala pang'ono kutsazika. Tiyiyo ndinkamwa, sindinama. Ndinkadziwa kuti ndiyenera kulankhula, koma khoswe anali atakhala pamkhate. Kuulula za mapini kunali kuulula za mkeka wa mayi, ndipo munthu wa kumapiri wophunzira kunja, ndikanadziwa bwanji kuti amadya ndi ndani?

Pepala analilemba miyezi ingapo, ine ndikulitaipa ndi zala ziwiri. Linapita kwa pulofesa, linabwerako ndi inki yofiira, linapitanso. Potsiriza linatuluka, mayina awiri pamwamba, la adokotala patsogolo, ndipo langa pansi paja. Tsiku limenelo adokotala anagulira aliyense zakumwa, mpaka mlonda wa pageti.

Kenako timakhadi tinayamba kubwera kupositi. Nthawi imeneyo munthu akafuna kuwerenga pepala la mnzake ankatumiza kakhadi kopempha kuti amutumizireko kope. Timakhaditi tinkachokera kumayiko amene ena sindinawamvepo, ndi masitampa a mbalame, masitima ndi nkhope za mafumu achilendo. Adokotala ankatikhoma kuseri kwa chitseko. Nthawi zina ankatuluka mu ofesi ndi magazini m'manja, n'kubwera pakhonde panga.

"Akalaliki, atitchulanso. Taonani apa."

Liwu lakuti "atitchula" linkandikomera, ndivomere. Ndinayamba kuvala tayi Lolemba. Ndinatenga kope limodzi kupita nalo kumudzi kukaonetsa mayi. Anapukuta manja pachitenje, analigwira chadodolido, n'kufunsa kuti dzina langa lili pati. Nditaloza, anasinzinira diso limodzi.

"Kameneka? Kachepa ngati nthata. Sukulu yonse ija, mwananga, anakupatsa malo ogona nkhuku."

Anakalisomeka kudenga pamodzi ndi khadi la bambo. Tsiku limenelo anandiphikira mlamba wouma wotendera, koma iwo anangomwa phala la mapira lamadzimadzi, akuti kutentha kwawachotsera chilakolako. Ndinawaona kuti aonda, koma kuno mwezi wa Okutobala aliyense amaonda, ngakhale mbuzi.

Walira mvula walira matope. Kalata inabwera yakuti pulofesa akubwera yekha kudzaona mudzi wodabwitsawu, kudzayeza madzi ake ndi kucheza ndi mabanja a odwala. Adokotala anavina mu ofesi. Anati akatha ulendowu alemba pepala lachiwiri, lalikulu, ndipo pulofesa akuwakonzera malo okaphunzira zambiri kunja. Kenako anawonjezera, ngati nkhani yaing'ono, kuti boma lavomera ulendowo ndipo litumiza mkulu wina wa chipani wa kuboma kuti atiperekeze, poti mzungu sankayenda yekha m'midzi ya kumalire.

Loweruka ndinapalasa njinga kupita kumudzi osaima ngakhale pamthunzi. Ndinawapeza mayi akupeta mapira, ndinawafotokozera zonse, mapini, mapu, mzungu, ndi munthu wa chipani amene akubwera kudzafunsa nyumba ndi nyumba za anthu amene sanabadwire kuno. Ndinkayembekeza kuti alira. Iwo anaseka mpaka anatsamwa, anamwa madzi pang'ono, n'kupitiriza kuseka.

"Ndiye akufuna abale a odwala? Pyadidi, zili bwino. Tiwapatsa abale."

Masana omwewo anaitana mudzi wonse pansi pa mtengo wa masau. Panalibe woti n'kumubisira, chifukwa nyumba iliyonse inali itabwereketsapo mkeka, ngolo kapena mphika. Ine ndinkawerenga mayina amene ndinakopera m'kaundula, mayi ankagawa. Uyu ndi mchimwene wako, uyu ndi mlamu wako, kamwana aka kanali kako kachisamba. Tcheyamani wa chipani wa pamudzi pathu, amene mkazi wake analinso wa tsidya lija, anatenga awiri mwakachetechete n'kupempha kuti asamutchule kuti analipo. Mayi wina wamasiye, woyandikana nafe nyumba, ankangosankha amuna okhaokha, ndipo ankafunsa kaye ngati anali aatali. Dzina lina analikana.

"Ameneyo nkhabe. Ndikumukumbukira, ankaliza mkonono mudzi wonse osagona. Sindingakhale mkazi wake ngakhale ali kumanda."

Agogo ena ogontha tinawauza kuti asayankhe chilichonse, akafunsidwa azingopukusa mutu n'kumayang'ana kumwamba. Tinayeserera mpaka dzuwa kupendeka. Anthu ankaseka, koma mayina ena akatchulidwa kuseka kunkatha, chifukwa ankawakumbukira eni akewo, mmene anafikira, ndi mmene ena anabwererera atakulungidwa m'mphasa. Mayi ankadziwa aliyense, mudzi wake weniweni, ndi ndiwo imene anadya.

Tsiku linafika. Landirova inaima pansi pa msau, ana n'kuthawira kuseri kwa nkhokwe. Pulofesa anali nkhalamba yaitali yaulemu, itafiira ndi dzuwa, itanyamula bokosi la timabotolo. Mkulu wa chipani anatsika pomaliza, atavala suti yakuda m'kutentha konse kuja, baji pachifuwa, kabuku m'manja. Ndinamupatsa moni m'Chimang'anja, anandiyankha m'Chisena chosalala. Ndinkadalira kuti potanthauzira ndizisoka pong'ambika, koma uyu ankamva ulusi uliwonse.

Poyamba zinayenda bwino. Pulofesa anatunga madzi a pachitsime, anatapa dothi, anapempha mapira a m'nkhokwe ndi fodya wa agogo. Atapempha kachasu wa masau kuti akamuyeze, nyumba zisanu zimene dzulo lake zinkalumbira kuti sizitcheza zinatulutsa mabotolo. Mkulu wa chipani anati nayenso ayeze m'malo mwa boma, ndipo anayeza kawiri.

Mavuto anayamba pofunsa mabanja. Amayi awiri anatchula mwamuna mmodzi, aliyense akuti anali wake. Mayi anga anaponyamo msanga kuti anali wamitala, ndipo awiriwo anayang'anana moipa ngati zoona, moti pulofesa analemba zambiri. Kenako inafika nthawi ya wamasiye uja. Anakhala pamphasa, anakonza duku, n'kuyamba kuwerenga amuna ake pazala. Anafika pa anayi, onse aatali, onse anafera kuchipatala chathu.

"Mayi, amuna anayi m'zaka zochepa chonchi?" anafunsa mkulu wa chipani.

"Ndiye nthendayo, bwana," anayankha mayi anga. "Mukanabwerera chiyani kukanakhala kuti amuna akuno amalimba?"

Pulofesa anapempha kuona manda kuti awerenge mitumbira. Mayi anati madzi osefukira anakokolola zonse chaka chathachi, ndipo agogo ogontha aja anapukusa mutu n'kuyang'ana kumwamba pa nthawi yake yeniyeni. Ndinayamba kupuma. Koma mkulu wa chipani sanali mwana. Anatseka kabuku kake, anayang'ana nyumba zathu imodziimodzi, milomo ikuyenda, kenako anayang'ana kudooko kumene kunali mabwato ambiri kuposa asodzi a pamudzipo. Pomaliza anayang'ana mayi nthawi yaitali, n'kutembenukira kwa adokotala.

"Adokotala, ndinu munthu wa boma ngati ine. Mudzi wa nyumba zochepa chonchi sungaike anthu ochuluka chotere. Anthu amenewa analidi a mudzi uno, kapena pali amene amawalandira kuchokera kwina?"

Ndinayang'ana adokotala, ndipo ndinaona kuti nawonso anali atawerenga nyumba kalekale. Anandiyang'ana kamodzi kokha. M'maso mwawo munalibe funso, anali atadziwa zonse, mapini, tiyi, tayi ya Lolemba. Liwu limodzi lochokera kwa iwo likanakweza mayi m'landirova ija tsiku lomwelo. Anachotsa kathaulo paphewa, anapukuta nkhope pang'onopang'ono.

"Odwala anga ndimawadziwa, bwana. Aliyense amene ali m'buku lathu anachokera pamudzi uno. Nyumba zachepa chifukwa eni ake anatha."

Pulofesa anafunsa m'Chingerezi kuti akukambirana chiyani. Adokotala anamuuza kuti bwanayo akufunsa za chakudya.

Chakudyacho chinabweradi, mpunga wa m'dimba ndi nkhuku. Mkulu wa chipani tsopano anali atakhulupirira, ndipo chikhulupiriro chake chinamubweretsera mantha ena. Anayang'ana mbale, anayang'ana chitsime, n'kunena kuti mwini khomo ayambe walawa. Mayi anakana mwaulemu kuti akazi sadyera pamodzi ndi alendo. Iye anaumirira. Mayi anagwada, anatapa mpunga pang'ono ndi kachidutswa ka nyama, anatafuna nthawi yaitali akumwetulira. Anameza. Ndinaona khosi lawo likulimbana nacho. Anamwa madzi, anadzuka mosafulumira, n'kuzungulira kuseri kwa nyumba.

Adokotala anaika mbale pansi n'kuwatsatira, ine pambuyo. Tinawapeza atagwira nsanamira ya nkhokwe, mpunga uja ndi madzi zili pansi.

"Amayi, zinayamba liti?"

"Tisanakolole mapira."

"Nyama imatsika?"

"Nyama ndinasiyana nayo kale. Phala ndilo limandimvera, likafuna."

Mafunso amenewo ndinali nditawatanthauzira kambirimbiri, ndipo ndinkadziwa kumene amathera. Ine amene ndinkalemba anthu a nthenda imeneyi tsiku ndi tsiku, ine wothokozedwa m'magazini chifukwa cha kusamala, ndinadya mlamba pamaso pa mayi anga akumwa phala, osaona kanthu. Zimenezi sindinadzikhululukire mpaka lero. Adokotala anawagwira m'khosi ndi manja awo ofatsa aja, n'kufunsa chifukwa chimene sanabwerere kuchipatala.

"Anthu angati agona pamkeka wanga ndi nthenda imeneyi? Ndikuidziwa kuposa inu, mwananga. Ndikanapita kukagona kwanuko, obwera pabwato akanafikira kwa yani?" Anapukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje, diso lija n'kusinzinanso. "Paja mumafuna wodwala wa mudzi uno? Musabwerere chimanjamanja. Takhuta, zikomo pa zimene mwayankha paja."

Lolemba sindinavale tayi. Adokotala anandiitana mu ofesi ndi mabuku anga, anatseka chitseko cha timakhadi chija. Sanakalipe, ndipo ndikanakonda akanakalipa. Anandiuza kuti ndiwerengenso mayina, ndizinena kumene aliyense anachokera. Ndikatchula mudzi wa tsidya lija, ankazula pini imodzi n'kuiponya m'sosala ya tiyi. Tinagwira ntchito imeneyo mpaka masana, ndipo phokoso linali la mapini okha. Pamalo pa mudzi wathu panatsala mabowo, pepala litanyenyeka ngati ladyedwa ndi njenjete. Atatha anatola pini imodzi m'sosala n'kundipatsa. Inali ya mayi, ndipo ndinakaibaya ndekha pa mudzi wathu.

Analembera pulofesa, analemberanso a magazini kalata yaifupi yokonza cholakwa. Anangoti midzi yolembedwa m'kaundula inali malo amene odwala anagona komaliza asanafike kuchipatala, osati kumene anabadwira ndi kukulira. Za malire, za bwato ndi za mkeka sanatchule, ndipo cholakwa anachisenza okha ngati kuti kalaliki kunalibe. Pulofesa anayankha kamodzi, mwaulemu kwambiri, ndipo makalata a mwezi ndi mwezi anathera pomwepo. Pepala lachiwiri silinalembedwe, ulendo wa kunja unazimirira. Timakhadi tokha sitinamve uthenga, tinkabwerabe kudzapempha pepala loyamba. Adokotala ankayankha kalikonse, n'kumatira kalata yokonza ija pamwamba, ndipo masitampa onse ankandinyambititsa ine. Chilango changa chinali chimenecho, ndipo lilime langa likukumbukirabe kukoma kwa guluu.

Chaka chatha mdzukulu wanga wina amene akuphunzira za udokotala anandionetsa pafoni yake kuti pepala lija lilipobe, ndipo alipo amene amalitchulabe apo ndi apo. Kalata yokonza ija anaifunafuna, anaipeza ili yokhayokha, palibe anaitchulapo. Adokotalawo anakalambira m'zipatala za m'midzi, khola lawo lili ndi ng'ombe imodzi yomwe iwo eni ankaikana. Ndinapita kumaliro awo, ndipo ndinapeza anthu ambiri olankhula Chisena kuposa a kwawo.

Koma ndibwerere kwa mayi. Anavomera kubwera kuchipatala patatha milungu iwiri, atapeza woti azilandira alendo, yemwe anali wamasiye wa amuna anayi uja. Anabwera pangolo, ndipo panjira anaonetsa anyamata a malaya ofiira khadi la bambo, lawo lili m'thumba, akuti bambo asaphonye ulendo womaliza. Mankhwala ochiza nthenda imeneyo kunalibe, tonse tinkadziwa. Adokotala anangolonjeza kuwachepetsera ululu, ndipo lonjezo limenelo analisunga mpaka mvula yoyamba, pamene tinawaika.

Tsiku limene anafika anakana kulowera kukhomo la kumbuyo ngati mayi wa wantchito. Anaima pamzere ndi anzawo, anafika patebulo langa, anakhala pabenchi atagwira kamtolo kawo. Ndinatsegula buku. Ndinalemba dzina. Zaka ndinawachotsera khumi. Pofika pa mudzi sindinafunse, ndinangolemba, ndipo mumtima ndinati kamodzi kokha m'buku lonseli dzina la mudzi wathu lalowa moona.

Mayi anasuzumira m'bukumo ngati odziwa kuwerenga.

"Walemba mudzi uti?"

"Wathu, mayi."

Anayang'ana uku ndi uku, anaweramira kwa ine, n'kunong'ona.

"Wanamanso, mwananga. Ine kwathu ndi tsidya lija. Kuno ndangogonako zaka makumi anayi."

Ndinaseka, misozi ikugwera pa inki, ndipo anthu a pamzere anadabwa kuti kalaliki wapenga. Sindinafufute. Ndinaumitsa tsambalo ndi mkono wa malaya, n'kuitana wotsatira.